Mbili ya Tupulasitiki na Poizoni Wakale M'thupi mwa Nsomba

Cakumapeto kwa 1971, wasayansi wina wacinyamata dzina lake Edward Carpenter anali pa sitima yofufuzila pakati pa nyanja ya Atlantic, pamalo ochedwa Sargasso Sea. Sanapite kukafuna zinyalala. Anali kufufuza tuzamoyo tumene tumakhala pa ndele zoyandama. Koma akakoka ukonde wake, anali kupezamo tuzidutswa twa pulasitiki, ngakhale kuti kumtunda kunali kutali makilomita mahandiledi ambili. Atawelengetsa na mnzake Kenneth Smith, anapeza kuti pa sikweya kilomita iliyonse panali tuzidutswa pafupifupi 3,500. Lipoti lawo linatuluka m'magazini ya Science mu 1972.

Caka cimeneco cisanathe, Carpenter na anzake a ku Woods Hole anatulutsa lipoti lina. Ulendo uno anafufuza m'madzi a m'mbali mwa New England, kum'mawa kwa America. Anapeza tumikanda twa pulasitiki tung'ono ngati mcenga. Pa mitundu 14 ya nsomba imene anatumbula, mitundu 8 inali itameza tumikanda utu, makamaka toyela. Atatupima, anapeza kuti tunali na makemikolo oopsa ochedwa PCB, amene anaoneka kuti anacokela m'madzi a m'nyanjamo.

Apa m'pamene panayambila funso limene lavutitsa asayansi kwa zaka zoposa 50: kodi pulasitiki imanyamula poizoni n'kukamutula m'thupi mwa nsomba? Yankho lasinthapo kangapo. Kwa ife amene ndiwo zathu nthawi zambili ni kapenta, buka buka na bream, ni bwino kudziwa kumene nkhaniyi inacokela na pamene yafika.

Poizoni ndiye anayamba kufika

Makemikolo amene Carpenter anapeza anali akale kuposa vuto la pulasitiki. Mafakitale a ku America anayamba kupanga ma PCB mu 1929. Anali kuwakonda cifukwa sagwila moto msanga ndipo saola. Conco anali kuwathila m'matilansifoma a magetsi, mu penti na m'zinthu zina zambili. Mankhwala a DDT nawonso anachuka pambuyo pakuti Paul Müller wa ku Switzerland anapeza mu 1939 kuti amapha tuzilombo. Anathandiza kwambili polimbana na malungo, cakuti Müller anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1948.

Koma kusaola komweko, kumene a mafakitale anali kukutamanda, ndiko kunadzakhala vuto. Mu 1962, Rachel Carson analemba buku lakuti Silent Spring, locenjeza kuti DDT ikupha mbalame na nsomba. Mu 1966, wasayansi wa ku Stockholm, Sören Jensen, anazindikila kuti makemikolo acilendo amene anali kupeza mu nsomba za ku Sweden anali ma PCB. Anawapezanso m'ciwombankhanga cakufa ca mtundu wodya nsomba, m'bale wake wa nkhwazi imene ili pa mbendela yathu. Anawapeza ngakhale m'tsitsi la a m'banja lake. Mu 1968, ku Japan, ma PCB analowa m'mafuta ophikila opangidwa ku gaga wa mpunga, ndipo anthu masauzande anadwala matenda a khungu, maso na ciwindi.

America inaletsa DDT m'minda mu 1972, ndipo inaletsa kupanga ma PCB mu 1979. Koma lamulo limaimitsa fakitale cabe, silicotsa zimene zinalowa kale m'madzi na m'matope. Kuno kwathu tinaonako zofanana. Ku Zimbabwe anapopela DDT kwa zaka zambili pofuna kupha nchenche za tsetse m'cigwa ca Zambezi. M'ma 1980, ofufuza anapeza zotsalila za mankhwalawa mu nsomba za mu Kariba, ndipo mazila a nkhwazi m'madela ena a nyanjayi anali na zigoba zopyapyala.

Pamene poizoni anali kufalikila, pulasitiki nayo inali kuculuka. Mu 1950, dziko lonse linapanga matani pafupifupi 2 miliyoni. Pofika mu 2015, linali kupanga matani 380 miliyoni pa caka. Zinthu ziwili zosaola zimenezi zinali zoti zidzakumana ndithu m'madzi.

Cifukwa cake zimamamatilana

Amene anatsukako kontena ya pulasitiki imene munali supu ya mafuta na tomato adziwa mmene imavutila. Mbale ya galasi imayela msanga, koma ya pulasitiki imatsala yonona komanso yofiila. Cifukwa n'cakuti pulasitiki yambili imapangidwa kucokela ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo imagwilizana kwambili na mafuta kuposa madzi.

Ma PCB na DDT nawonso sagwilizana na madzi. Akakhala mumtsinje kapena m'nyanja, amakamamatila pa ciliconse ca mafutamafuta: matope, ndele, thupi la kacilombo, kapena pulasitiki. Botolo ikaphikidwa na dzuwa n'kumenyedwa na mafunde, imasweka kukhala tuzidutswa tosawelengeka, ndipo malo omamatilapo makemikolo amaculuka.

Nsomba ikameza kacidutswa kotelo, madzi ogaya cakudya a m'matumbo, pamodzi na ndulu na mafuta a m'cakudya, angathe kumasula ena mwa makemikolowo. Kacidutswa kenikeniko nthawi zambili kamatuluka na ndowe. Koma makemikolo amene amasuka amalowa m'magazi n'kukakhazikika m'ciwindi na m'mafuta a nsomba. Nsomba yaikulu ikadya tung'ono tambili, imatolela poizoni wa tonse. Ndiye cifukwa cake nyama zimene zimadya nsomba zikuluzikulu, monga nkhwazi, ng'ona na munthu, ndizo zimalandila wambili.

Zaka 30 za cete

Mungaganize kuti malipoti a Carpenter anadzidzimutsa dziko. Sizinatelo. Ofufuza ocepa cabe ndiwo anapitiliza nkhaniyi, makamaka a mbalame za m'nyanja, amene anali kupeza pulasitiki m'mimba mwa mbalamezo. Anthu ambili anali kuona pulasitiki ngati cinthu conyansa cabe m'maso, kapena msampha wokola akamba a m'madzi.

Nkhaniyi inadzukanso ku Japan mu 2001. Gulu la Hideshige Takada, la pa yunivesite ina ya ku Tokyo, linatola tumikanda twa pulasitiki m'magombe a dzikolo. Tumikanda utu, tukulu ngati njele za mapila, ndito mafakitale amasungunula popanga mabeseni, zigubu na zina. Tumatayika pa madoko na m'masitima. Gululi linatenga tumikanda twatsopano n'kutuika m'madzi a ku Tokyo Bay kwa masiku 6, ndipo tsiku na tsiku ma PCB na zotsalila za DDT zinali kuwonjezeka pa tumikandato. Anawelengetsa kuti pulasitiki ingakhale na poizoni woculuka kuwilikiza 100,000 mpaka 1 miliyoni kuposa madzi oizungulila.

Anaonanso cinthu cina cimene cinadzakhala cofunika pambuyo pake. Kemikolo ina yochedwa nonylphenol inaoneka kuti siinacokele m'madzi. Inali mu pulasitiki momwemo kucokela ku fakitale. Conco njila zinali ziwili: poizoni amene pulasitiki imatola paulendo, na amene imabadwa naye. Mu 2005, Takada anayambitsa nchito yochedwa International Pellet Watch, yopempha anthu wamba padziko lonse kutola tumikanda m'magombe n'kutumutumizila ku Tokyo kuti akapime.

Mu 2001 momwemo, maiko anasaina pangano la Stockholm loletsa kapena kucepetsa makemikolo 12 osaola, kuphatikizapo ma PCB na DDT. Linayamba kugwila nchito mu 2004, ndipo Zambia ili m'panganoli. DDT anailola pa nchito yopopela m'nyumba polimbana na udzudzu, monga zinacitikila ku Chingola na Chililabombwe kuyambila mu 2000.

Dzina lakuti microplastics linachuka mu 2004, pamene Richard Thompson wa ku Plymouth ku England anatulutsa lipoti lake mu Science. Gulu lake linapima mcenga wa m'magombe. Linapimanso zinthu za m'nyanja zimene asayansi akhala akusunga kuyambila m'ma 1960, ndipo linaona kuti tuulusi twa pulasitiki tunali kuwonjezeka m'kupita kwa zaka. Mu 2008, akatswili atakumana ku Tacoma ku America anagwilizana kuti dzinali lizitanthauza tuzidutswa tosakwana mamilimita 5.

Umboni wocokela m'labu

Kupeza poizoni pa pulasitiki ni nkhani ina, ndipo kutsimikiza kuti amalowadi mu nsomba ni inanso. Amene anayesa zimenezi mosamala anali Chelsea Rochman ku California. Anaika tumikanda twa pulasitiki ya mtundu wopangila majumbo na mapepala okulungila zinthu m'madzi a ku San Diego Bay kwa miyezi 3. Kenako anatupela n'kutusakaniza na cakudya ca tunsomba tochedwa medaka. Gulu loyamba la nsomba linali kudya cakudya copanda pulasitiki, laciwili ca pulasitiki yatsopano, ndipo lacitatu ca pulasitiki ya m'nyanja ija.

Patapita miyezi iwili, nsomba za gulu lacitatu zinali na makemikolo ambili m'thupi, makamaka aja amene amathilidwa m'mipando na m'zipangizo zamagetsi kuti zisagwile moto msanga. Ziwindi zawo zinali zovutika. Pa nsomba 100 zilizonse za gululo, 74 zinali zitathelatu shuga wosungidwa m'ciwindi. M'gulu la pulasitiki yatsopano zinali 46, ndipo m'gulu lopanda pulasitiki munalibe ngakhale imodzi. Lipotili linatuluka mu 2013.

Mu 2015, Rochman na anzake anagula nsomba m'misika ya ku Makassar ku Indonesia na ku California. Kumalo onse awili, pafupifupi nsomba imodzi pa zinayi zilizonse inali na zinyalala za anthu m'matumbo. Ku Indonesia zinali tuzidutswa twa pulasitiki, pamene ku California zambili zinali tuulusi twa zovala. Mu 2016 nkhaniyi inafika pafupi na kwathu. Ofufuza anagula nsomba za Nile perch na tilapia ku Mwanza ku Tanzania, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ndipo anatsimikiza kuti imodzi pa zisanu zilizonse inali na pulasitiki m'mimba. Unali umboni woyamba wotelo wocokela m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa.

Mkangano wa akatswili

Pofika apa, manyuzipepala anali atayamba kale kukamba za tupulasitiki ngati tumapilisi twa poizoni. Koma mu 2016, Albert Koelmans wa ku Wageningen ku Netherlands na anzake anapendanso malipoti onse n'kufunsa funso losavuta: pa poizoni yense amene amalowa mu nsomba ya m'nyanja, ni wocepa kapena woculuka bwanji amene amadzela mu pulasitiki?

Yankho lawo linali lakuti ni wocepa. M'nyanja muli madzi, matope, ndele na tuzilombo toculuka kutalitali kuposa pulasitiki, ndipo zonsezi zinayamwa kale makemikolo amodzimodziwo. Nsomba imawalandila tsiku lililonse popuma na podya. Anakumbutsanso kuti makemikolo amayenda kucoka kumene ali ambili kupita kumene ali ocepa. Nsomba ya m'labu imakhala yoyela, conco pulasitiki yakuda imaipatsila. Koma nsomba ya m'doko lauve, imene ili kale na poizoni, ikameza pulasitiki yatsopano zinthu zingatembenuke: pulasitikiyo ingayamweko poizoni wina n'kutuluka naye. Komanso mu kafukufuku wa Rochman, gawo limodzi pa magawo 10 a cakudya linali pulasitiki, zimene n'zoculuka kuposa zimene nsomba zambili zimakumana nazo.

Pa nthawi imodzimodzi, lipoti lina lochuka la ku Sweden, limene linakamba kuti ana a nsomba amakonda pulasitiki kuposa cakudya cawo, linacotsedwa m'magazini ya Science mu 2017 atapeza kuti kafukufukuyo sanacitike moona mtima. Zimenezi zinaphunzitsa ofufuza kusamala, ndipo ifenso zingatiphunzitse kusathamangila kukhulupilila mutu uliwonse wa nkhani woopseza pa Facebook kapena WhatsApp.

Koma tisamve molakwa. Koelmans sanakambe kuti nsomba zilibe poizoni. Anakamba kuti poizoni wakale uja anafalikila kale ponseponse, cakuti safunikila pulasitiki kuti amufikitse mu nsomba. Umenewu si uthenga wotonthoza.

Poizoni wobadwa naye

Mkangano umenewu unatembenuzila maso a ofufuza ku njila yaciwili ija, ya makemikolo amene fakitale imathila dala kuti pulasitiki ifewe, ikhale na mtundu, isapse, kapena isang'ambike na dzuwa. Citsanzo comveka bwino cinacokela ku Seattle ku America. Kwa zaka zambili, nsomba za coho salmon zinali kufa m'tumitsinje twa m'tauni mvula ikangogwa. Zinali kuzungulilazungulila, kupuma movutikila, n'kufa m'maola ocepa zisanaikile mazila. M'tumitsinje twina munali kufa theka la nsombazo kapena kuposa.

Gulu la Zhenyu Tian na Edward Kolodziej la pa University of Washington linasefa makemikolo masauzande a m'madzi ocokela pamseu, mpaka mu December 2020 linalengeza kuti lamupeza wakupha. Opanga matayala amathilamo kemikolo yochedwa 6PPD kuti asang'ambike msanga. Tayala ikamakhuzika pa tala, fumbi lake limatsala pamseu, ndipo fumbi limeneli limawelengedwa pakati pa magwelo aakulu a tupulasitiki. Kemikolo ija ikakumana na mpweya imasintha n'kukhala 6PPD-quinone, imene imapha coho ngakhale itakhala yocepa kwambili m'madzi. Apa nsomba siifunikila n'komwe kumeza kacidutswa. Poizoni amasungunukila m'madzi. Si mitundu yonse ya nsomba imene imafa nayo, koma nkhaniyi inaonetsa kuti cinthu cimene cili pa minibasi iliyonse cingathe kupha m'mtsinje kwa zaka popanda wodziwa.

Ngozi za masitima nazonso zaonetsa kukula kwa vutoli. Mu October 2017, cimphepo cinagwetsela makontena m'doko la Durban ku South Africa, ndipo matani pafupifupi 49 a tumikanda anamwazikila m'nyanja. Mu May 2021, sitima ya X-Press Pearl inagwila moto pafupi na Colombo ku Sri Lanka n'kutaya matani pafupifupi 1,680, pamodzi na makemikolo ena amene inanyamula. Boma linaletsa usodzi m'dela lalikulu, ndipo mabanja masauzande a asodzi anasowa pogwila.

Kumene ife tikulowela

Zambia ilibe nyanja yamcele, koma madzi athu amayenda mofanana. Mvula ikagwa mu Lusaka, zonse za m'ngalande zimakhala na kopita. Mtsinje wa Ngwerere umathila mu Chongwe, ndipo Chongwe amathila mu Zambezi. Wa Chunga umathila mu Mwembeshi, amene amakafika mu Kafue. Mabotolo, mapulasitiki a pamsika, tuulusi twa zovala za polyester tumene tumacoka pocapa, na fumbi la matayala, zonse zimatsata njila zimenezi.

Kutentha zinyalala kumawonjezela vuto lina. Pulasitiki ikamapsa pamoto wa kuseli kwa nyumba, makamaka ya mtundu wa mapaipi na nthambo za magetsi, imatulutsa ma dioxin, amene ali pa mndandanda wa makemikolo 12 aja a pangano la Stockholm. Utsi timaupuma, ndipo phulusa limakokoloka na mvula.

Kadyedwe kathu nakonso kali na mbali. Bream kapena mlamba timaucotsa matumbo, conco tuzidutswa tambili tumatayidwa pamodzi na matumbowo, ngakhale kuti makemikolo amene analowa kale m'mafuta a nsomba satsukika na madzi. Koma kapenta, amene anatengedwa ku Tanganyika n'kuikidwa mu Kariba mu 1967 na 1968, timadya wathunthu, mutu na matumbo omwe. Cimene kansombako kanameza cimafika pa mbale. Zimenezi si cifukwa colekela nsomba. Kapenta ni imodzi mwa ndiwo zochipa zimene zimamanga thupi na mafupa a ana, ndipo kuileka kungabweletse vuto loonekelatu lelo lomwe. Cofunika kuteteza ni madzi amene nsombayo imakhalamo.

Malamulo alipo. Mu 2018, boma linatulutsa Statutory Instrument No. 65, imene inaletsa mapulasitiki onyamulila zinthu opyapyala osakwana ma micron 30, ndipo inapatsa opanga zinthu udindo pa zinyalala za katundu wawo. Bungwe la ZEMA ndilo liyang'anila. Pa dziko lonse, maiko 175 anagwilizana ku Nairobi mu March 2022 kuti alembe pangano lothana na zinyalala za pulasitiki. Koma misonkhano ya ku Busan kumapeto kwa 2024 na ya ku Geneva mu August 2025 inatha popanda pangano. Zina mwa zimene anasiyanilapo ni kucepetsa pulasitiki yopangidwa na kuletsa makemikolo oopsa othilidwamo.

Tikawelengetsa zaka za m'mbili imeneyi, tiona mmene zinthu zimacedwela. Ma PCB anapangidwa kwa zaka 37 Jensen asanawapeze mu nsomba, ndipo panapita zaka zina 13 America isanawaletse. Kucokela pa lipoti la Carpenter kufika pa la Takada panapita zaka 29. Ma PCB amene analeka kupangidwa makolo athu ali ana akupezekabe pa tumikanda totoledwa m'magombe masiku ano, ndipo pangano la Stockholm linapatsa maiko mpaka 2028 kuti awononge bwinobwino amene atsala m'matilansifoma akale. Zimene zikulowa m'ngalande za Kanyama na Garden mvula ino zidzakhalabe m'matope a Kafue na Zambezi pamene wa zaka 20 lelo adzakhala akugulila adzukulu ake kapenta.